D kapena O/D: ndi giya iti imapambanitsa pa mpikisano wa mamita 402?

Galimoto zambiri za otomatiki zimene zinabwera kuno kuchokera ku Japan, makamaka zakale pang'ono monga Corolla, Carina, Mark II ndi Hilux Surf, zili ndi kabatani kakang'ono pambali pa handulo ya magiya. Pakabatanipo analembapo O/D. Mukakadina, pa dashibodi pamayaka kanyali kolembedwa O/D OFF, ndipo ngati galimoto inali paliwiro, injini imayamba kulira mokweza. Anyamata ambiri, kuphatikizapo ena a m'makalasi mwathu muno, amakhulupirira kuti kabatanika ndi "ka mphamvu". Ena amatsutsa, amati ayi, overdrive ndiye giya yothamangira, choncho wofuna liwiro asaizimitse. Makolo ambiri sakakhudza n'komwe, poopa kuwononga galimoto.

Mkangano womwewu uliponso ku America pakati pa anthu ochita mpikisano wotchedwa drag racing, ndipo kumeneko yankho lake limayesedwa ndi wotchi. Wosankha molakwika amaluza mpikisano, mwinanso kubwerera kunyumba giyabokosi itapsa. Tiyeni tipite kumeneko kaye, chifukwa masamu amene akufunika ndi omwe aja a Fomu 2, ndipo tikabwerako kabatani ka m'galimoto ya bambo sikakhalanso kachilendo.

Drag racing ndi mpikisano wosavuta kuumvetsa. Galimoto ziwiri zimaima moyandikana pa msewu wowongoka, wopanda kona ngakhale imodzi. Nyali zikayaka zimanyamuka, ndipo yoyamba kudutsa mzere womaliza ndiyo yapambana. Mtunda wake wodziwika ndi kota ya mailosi, kutanthauza mafiti 1,320 kapena mamita 402. Masewerawa anayambira m'misewu ya ku California, kumene achinyamata ankathamangitsana usiku n'kumaphana okha komanso kupha anthu odutsa. Mu 1950 anatsegula malo a mpikisanowu pabwalo la ndege ku Santa Ana, ndipo mu 1951 Wally Parks, yemwe anali mkonzi wa magazini ya Hot Rod, anayambitsa bungwe la National Hot Rod Association, mwachidule NHRA. Cholinga chake chachikulu chinali kuchotsa mpikisanowu m'misewu ya anthu n'kuupititsa pamalo otchingidwa, pomwe galimoto imayamba yayenderedwa, woyendetsa amavala chipewa chodzitetezera, ndipo ambulansi imakhala pafupi. Zonse zimene tikambe pano n'za malo oterowo, osati za msewu wa M1.

Galimoto zimene zimapikisana kumeneko si zonse zopangidwira mpikisano. Zambiri ndi zimene anthu amapitira kuntchito, monga Chevrolet Camaro ndi Ford Mustang, ndipo zambiri mwa izo ndi za otomatiki. Mwini wake amafika pamzere woyambira, n'kuyang'ana handulo yake. Pali malo awiri oyendetsera galimoto kutsogolo mwa masiku onse: ena amatchedwa overdrive, ena drive. Aike pati?

Mayina omwewa amasokoneza. Pa galimoto za General Motors za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, overdrive ankailemba ndi D yokhala m'kati mwa kabwalo, ndipo pambali pake pamakhala D wamba kapena nambala 3. Pa Toyota, D ndi imodzi yokha koma pali kabatani kaja. Tanthauzo lake ndi limodzi. Malo a overdrive amalola giyabokosi kugwiritsa ntchito magiya onse anayi. Malo a drive, kapena O/D OFF, amailetsa kupitirira giya yachitatu. Palibenso china. Giya yoyamba ndi yomweyo, yachiwiri ndi yomweyo, yachitatu ndi yomweyo, ndipo injini siwonjezeka mphamvu ngakhale pang'ono. Handulo ija ili ngati denga: imangouza galimoto pamene iyenera kulekezera.

Nanga giya yachinayiyo imasiyana bwanji ndi zinzake mpaka kupatsidwa dzina lakelake? Amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa kale theka la yankho. Pachitunda mumaika tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo: miyendo imazungulira kambiri, tayala limazungulira pang'ono, koma mphamvu yokwerera imakhala yambiri. Pachigwa mumaika pa giya yaing'ono: miyendo imazungulira pang'ono, tayala limazungulira kambiri, koma yesani kunyamukira pa giya imeneyo mutanyamula thumba la chimanga muone. Giya iliyonse ya galimoto ili ndi nambala yake, imene m'masamu mumaitcha ratio. Nambalayo imanena kuti injini iyenera kuzungulira kangati kuti shafiti yotuluka mu giyabokosi izungulire kamodzi.

Titenge giyabokosi imodzi yotchuka, 700R4, imene General Motors inayamba kuika m'galimoto zake mu 1982, ndipo pambuyo pake inasinthidwa dzina n'kukhala 4L60, kenako 4L60E itayamba kuyendetsedwa ndi kompyuta. Giya yake yoyamba ndi 3.06, yachiwiri 1.63, yachitatu 1.00, yachinayi 0.70. Pa giya yoyamba injini imazungulira katatu ndi kachidutswa kuti shafiti izungulire kamodzi, ndipo mphamvu yopotokola, imene mu Physics mumaitcha torque, imachulukitsidwa katatu. Pa giya yachitatu injini ndi shafiti zimayenda mofanana. Pa yachinayi zinthu zimatembenuka: shafiti imathamanga kuposa injini, ndipo mphamvu yopotokola ija imachepa, kutsala magawo 70 pa 100 alionse. Giya iliyonse yokhala ndi nambala yochepera 1.00 ndiyo overdrive.

Giya yotereyi sanaiike m'galimoto kuti ikapambane mpikisano. Magiyabokosi a otomatiki a ku America a m'ma 1960, monga TH350 ndi TH400, anali ndi magiya atatu okha ndipo yomaliza inali 1.00. Mafuta anali otchipa, nkhani yowasunga panalibe. Kenako kunabwera vuto la mafuta la mu 1973, mitengo inakwera, ndipo mu 1975 boma la America linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kupanga galimoto zosamwa mafuta kwambiri. Ford inatulutsa giyabokosi ya AOD mu 1980, General Motors inatsatira. Ntchito ya giya yachinayi inali yoti galimoto ikakhazikika paliwiro limodzi pa ulendo wautali, injini izizungulira pang'onopang'ono, phokoso lichepe ndipo mafuta asamathe msanga. Ndi giya yopumulira. Mpikisano wa mamita 402 ulibe popumulira, chifukwa kuyambira pamzere woyamba mpaka womaliza galimoto imakhala ikuwonjezerabe liwiro.

Tsopano tichite masamu, ndipo ophunzira mutenge pepala mutitsatire. Kuchokera mu giyabokosi mphamvu imadutsanso mu difu ya kumbuyo, imene nayonso ili ndi nambala yake. Tiyerekeze Camaro yokhala ndi difu ya 3.73 ndi matayala otalika mainchesi 26, omwe ndi pafupifupi mamita 0.66. Mukachulukitsa ndi pi, tayalalo likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.07. Tinenenso kuti injini yake imakoka bwino mpaka kuzungulira ka 5,500 pa mphindi, zimene pa dashibodi zimalembedwa kuti 5,500 rpm.

Pa giya yachitatu, 5,500 kugawa ndi 3.73 zikutipatsa 1,475. Kumeneko ndi kuzungulira kwa tayala pa mphindi imodzi. Kuchulukitsa ndi mamita 2.07 tikupeza mamita pafupifupi 3,050 pa mphindi, kapena makilomita 183 pa ola. Mukachita chimodzimodzi ndi magiya enawo mupeza kuti yoyamba imathera pa makilomita 60 pa ola, yachiwiri pa 112, ndipo yachinayi ingafike pa 262, injini itakhala ndi mphamvu yokankha mphepo paliwiro limenelo, chomwe nthawi zambiri ilibe. Camaro yamtundu umenewu, yosasinthidwa kwambiri, imamaliza mamita 402 m'masekondi 13 kapena 14, ikuthamanga pafupifupi mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 161. Paliwiro limenelo giya yachitatu ikadali ndi malo: injini ili pa 4,800 rpm ndi kachidutswa, mwina 5,100 tikawerengera kuterereka kwa mafuta a m'kati mwa giyabokosi. Mpikisano watha giya yachinayi isanafunike.

Wina angafunse kuti, ngati zili choncho, pali vuto lanji kungosiya handulo pa overdrive? Funsoli ndi labwino, ndipo kunena zoona, pa galimoto zambiri zosasinthidwa wotchi sionetsa kusiyana kulikonse. Giyabokosi imasankha giya poyang'ana zinthu ziwiri: liwiro la galimoto ndi mmene phazi laponderamo moto. Phazi likakhala pansi penipeni, imakakamira giya iliyonse mpaka injini itafika pamwamba, choncho imadutsa mzere womaliza ili pa giya yachitatu kaya handulo ili pa D kapena pa overdrive. Amene amanena kuti anaika pa D n'kuchotsa theka la sekondi pa nthawi yawo, ife timakayikira kuti china chake chinasintha tsiku limenelo, kaya mphepo, kaya kutentha kwa msewu, kaya phazi lawo lomwe.

Vuto limabwera phazi likachoka pansi. Matayala akayamba kuterereka pakati pa msewu, woyendetsa wanzeru amabweza phazi pang'ono kuti agwirenso. Giyabokosi sidziwa kuti muli pa mpikisano. Ikamva phazi lapepuka imaganiza kuti mwafika paliwiro limene mumafuna, ndipo ngati handulo ikulola, imalowa giya yachinayi. Kamphindi komweko phazi labwereranso pansi, ndipo iyenera kutsikanso pa yachitatu injini ili pa mphamvu yake yonse. Kusinthasintha kumeneku kumadya nthawi. Pa makilomita 161 pa ola galimoto imayenda mamita 45 pa sekondi imodzi, choncho theka la sekondi lotayika ndi mamita opitirira 20 amene matayala sakukankhidwa mokwanira, pa mpikisano umene nthawi zina anthu amapambana ndi kutalika kwa bampala. Handulo ikakhala pa D zimenezi sizingachitike, chifukwa denga lija latsitsidwa.

Nanga giya yachinayi ikalowa injini ili pamwamba? Kuchokera pa 5,500 rpm injini imagwa kufika pa 3,850, chifukwa 5,500 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi 3,850. Nambala yonse yochokera ku injini kufika ku tayala imatsika kuchoka pa 3.73 kufika pa 2.61. Mphamvu yokankhira galimoto patsogolo imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuti tisakokomeze, injini zambiri zimapotokola mwamphamvu pang'ono pa 3,850 kusiyana ndi pa 5,500, choncho kuchepako sikufika ndendende pa 30 pa 100 alionse. Komabe kuchepa kulipo, ndipo kukubwera pa nthawi imene mphepo ikukankha galimoto kwambiri, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Lamulo limene akatswiri amatsatira ndi lakuti giya isinthidwe pokhapokha ngati injini ipereka mphamvu yochuluka pa giya yotsatirayo kuposa imene ikupereka pa giya imene ilipo. Pafupi ndi mzere womaliza, giya yachinayi sipambana mayeso amenewa kawirikawiri.

Chifukwa chachiwiri chimakhudza thumba. M'kati mwa giyabokosi ya otomatiki magiya ake ndi osiyana ndi a galimoto ya manyuwo. Muli magiya okhala molumana nthawi zonse: ina pakati, ting'onoting'ono tozungulira iyo, ndi mphete ya mano kunja kwake. Poti timagiya tija timazungulira ya pakati monga mapulaneti azungulira dzuwa, amawatcha planetary gears. Giya imasinthidwa pogwira gawo limodzi kuti lisazungulire kapena polumikiza magawo awiri kuti ayendere pamodzi. Ntchito yogwirayi imachitidwa ndi timbale ta kilachi tosanjikizana ndi lamba wachitsulo wokulunga ng'oma, zonsezi zikufinyidwa ndi mafuta opopedwa mwamphamvu. Pa giya yachitatu ya 700R4 zonse zimamangidwa pamodzi n'kumazungulira ngati chitsulo chimodzi. Palibe mano amene akusisitana, ndipo mphamvu yotayika ndi yochepa kwambiri. Pa giya yachinayi lamba uja ayenera kuimitsa ng'oma imene inali kuzungulira paliwiro la injini, n'kuigwira osaisiya.

Pa ulendo wamba phazi limakhala lopepuka ndipo lambayo amagwira mosavutikira. Injini ikakhala pa mphamvu yake yonse, makamaka ngati mwini wake anaiwonjezera mphamvu kuposa imene fakitale inawerengera, lamba ndi timbale timaterereka kwa kanthawi tisanagwire, ndipo kuterereka kulikonse ndi kutentha. Amakaniko a ku America amadziwa bwino kuti pa 700R4 ndi 4L60E mbali imene imapsa msanga ndi timbale ta giya yachitatu ndi yachinayi. Zikapsa, galimoto imanyamuka bwinobwino, imalowa giya yachiwiri, kenako injini imangolira galimoto osapita. Mafuta a giyabokosi amene anali ofiira amasanduka akuda, onunkha ngati chinthu chopserera, ndipo palibe chochita koma kutsitsa giyabokosi yonse.

Ford AOD ya m'ma Mustang a m'ma 1980 ili ndi zofooka zakezake. Ili ndi mashafiti awiri olowetsa mphamvu, ina m'kati mwa inzake. Yam'katiyo ndi yopyapyala, ndipo ndi imene imanyamula mphamvu yonse pa giya yachinayi. Pa injini yowonjezeredwa mphamvu imatha kupotoka n'kuduka. Lamba wake wa overdrive nayenso ndi wopapatiza. Tingoonjezerapo kachinthu koseketsa: handulo ya AOD ilibe malo a giya yachiwiri, ili ndi overdrive, D ndi 1 basi. Ofuna kukakamira giya yachiwiri anatulukira njira yonyamukira pa 1, kukankhira pa D kuti yachiwiri ilowe, n'kubwezanso msanga pa 1 kuti ikhale pomwepo. Njirayi imagwira ntchito, koma amakaniko ambiri saikonda chifukwa imatopetsa zam'kati.

Palinso chifukwa chachitatu, chimene kwa ife n'chosangalatsa kuposa zonse. Anthu wamba ambiri ku America amapikisana mu mtundu wotchedwa bracket racing. Mmenemu galimoto yothamanga kwambiri siyo imapambana nthawi zonse. Woyendetsa aliyense amalosera yekha nthawi imene amalizire, mwachitsanzo masekondi 13.60, ndipo amalemba nambalayo pa galasi. Wa galimoto yochedwa amayatsiridwa nyali yobiriwira poyamba, molingana ndi kusiyana kwa nambala ziwirizo, kotero kuti onse atachita ndendende zimene analosera angafike pamzere nthawi imodzi. Amene wathamanga kuposa nambala yake waluza, pokhapokha ngati mnzakeyo waipitirira kwambiri kuposa iye. Pamenepa chuma chenicheni ndi galimoto yochita chimodzimodzi ulendo uliwonse. Giyabokosi imene lero yadutsa mzere pa giya yachitatu, mawa n'kulowa yachinayi kutatsala mamita 30 chifukwa kunja kwazizira ndipo injini yakoka bwino, singaloseredwe. Komanso mu mpikisano umenewu wotsogola amabweza phazi dala pafupi ndi mzere kuti asapitirire nambala yake, ndipo taona kale zimene giyabokosi imachita phazi likapepuka handulo ili pa overdrive.

Kodi ndiye kuti D ndi yolondola nthawi zonse? Ayi. Tibwerere ku Camaro ija. Mwini wake wafuna kunyamuka mwaukali, wachotsa difu ya 3.73 n'kuikamo ya 4.56, wawonjezeranso mphamvu ya injini moti tsopano ikumaliza pa makilomita 177 pa ola. Amenewo ndi mamita 2,950 pa mphindi. Kugawa ndi 2.07 tikupeza 1,425, kuchulukitsa ndi 4.56 tikupeza pafupifupi 6,500 rpm. Ngati injini yake siyenera kupitirira 6,000, giya yachitatu itha mzere usanafike. Akasiya handulo pa D, kompyuta iyamba kudula mafuta kapena moto wa mapulagi kuti iteteze injini, ndipo galimoto idzadutsa mzere ikutsokomola. Ngati ndi injini yakale yopanda chitetezo chimenechi, mavavu angalephere kutseka pa nthawi yake n'kugundana ndi mapisitoni. Pa tsiku limenelo, kulola giya yachinayi n'kwabwino kusiyana ndi kuphulitsa injini.

Koma kunena mosabisa, munthu ameneyu vuto lake silili pa handulo. Masamu ake analakwika asanachoke kunyumba. Ataika difu ya 4.10, injini ikanadutsa mzere pa 5,840 rpm. Atasiya difu yomweyo n'kuika matayala a mainchesi 28, amene amayenda mamita 2.23 akazungulira kamodzi, ikanatsika kufika pafupifupi 6,030. Akatswiri amayambira kumapeto: amayamba adziwa liwiro limene galimoto ingafike pamzere womaliza, kenako amasankha difu ndi matayala zoti injini ikhale itangopitirira pang'ono pachimake pa mphamvu yake, ili pa giya ya 1.00, pamene bampala ikudutsa mzere. Pepala limene woyendetsa amalandira akamaliza limamuthandiza pa zimenezi, chifukwa limaonetsa nthawi ya mafiti 60 oyambirira, nthawi yonse, ndi liwiro limene linayesedwa pa mafiti 66 omaliza.

Umboni wina woti magiya apamwamba alibe ntchito pa mpikisanowu ndi giyabokosi imene ochita mpikisano ambiri amaikonda mpaka lero. Ndi Powerglide, imene Chevrolet inayamba kupanga mu 1950, ndipo ili ndi magiya awiri okha: 1.76 kapena 1.82, ndi 1.00. Fakitale inasiya kuipanga m'ma 1970, koma makampani ena akupangabe zatsopano za mpikisano. Pa galimoto yopepuka ya injini yamphamvu, kusintha giya kamodzi kokha kumatanthauza mpata umodzi wokha woti china chake chilakwike. Galimoto zothamanga kuposa zonse, za gulu la Top Fuel, zilibe n'komwe magiya osintha. Injini imalumikizidwa ndi difu kudzera mu kilachi imene imagwira pang'onopang'ono, ndipo zimapitirira makilomita 530 pa ola pasanathe masekondi 4. Kuyambira mu 2008, Scott Kalitta atamwalira pa ngozi ku Englishtown m'chigawo cha New Jersey, NHRA inafupikitsa mtunda wa galimoto zimenezi ndi za Funny Car kufika pa mafiti 1,000, pafupifupi mamita 305, kuti malo oimira atalike.

Nkhani ya malo oimira ikukhudzanso funso lathu. Woyendetsa akadutsa mzere n'kuchotsa phazi, galimoto ya handulo ya pa D imakhalabe pa giya yachitatu ndipo injini imathandiza mabuleki kuibweza. Ya pa overdrive imalowa yachinayi n'kumangoseseleka, ntchito yonse n'kusiyira mabuleki. Ena amakonda kukankhira pa overdrive akangodutsa mzere kuti injini ipume msanga. Zimenezi n'zotheka, koma dzanja lonjenjemera likhoza kudumphitsa handulo mpaka pa N kapena R, n'chifukwa chake mahandulo a mpikisano amakhala ndi loko woletsa kulowa rivesi mwangozi.

Pa galimoto zamakono funso lonseli likutha lokha. Giyabokosi ya ZF ya magiya 8, imene ili mu Dodge Challenger, imayambira pa 4.71, imafika pa 1.00 pa giya yachisanu ndi chimodzi, ndipo ili ndi ma overdrive awiri, 0.84 ndi 0.67. Ya magiya 10 imene Ford ndi General Motors anapangira limodzi ili ndi ma overdrive atatu. Pa handulo palibenso malo awiri osankhapo. Pali D, ndi batani louza kompyuta kuti lero ndi tsiku la mpikisano, ndipo kompyutayo imasintha magiya mofulumira komanso mosaphonya kuposa dzanja la munthu. Dodge Challenger SRT Demon ya 2018, yochokera kufakitale, inamaliza mamita 402 m'masekondi 9.65 ikuthamanga mamailosi 140 pa ola, omwe ndi makilomita 225. Timagalimoto tambiri tatsopano ta kuno, monga Vitz ndi Fit, tili ndi mtundu winanso, wa CVT, umene ulibe masitepe a magiya konse.

Tibwerere tsopano ku kabatani kathu. Pa giyabokosi ya Toyota ya A340, imene ili mu Hilux Surf ndi Mark II zambiri, magiya ake ndi 2.80, 1.53, 1.00 ndi 0.705, manambala osatalikirana ndi a Camaro ija. Mnyamata amene amadina O/D OFF paliwiro n'kumva galimoto ikukoka sanapeze mphamvu yobisika. Wangotsitsa giya kuchoka pa yachinayi kufika pa yachitatu, chinthu chimene giyabokosi ikanachita yokha akanaponda moto mwamphamvu. Akaiwala kudinanso, injini imene ikanazungulira ka 2,500 pa mphindi izizungulira ka 3,500 kuchokera ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, ndipo bambo adzadabwa pa filling station. Batani limene limasinthadi khalidwe la giyabokosi pa Toyota zina ndi lina, lolembedwa ECT PWR, limene limachedwetsa kusintha kwa magiya. Nalonso silipatsa injini mphamvu yoonjezera.

Makolo amene simukakhudza n'komwe, pali malo amene kabatanika kanapangidwira. Potsika phiri lalitali, monga pa Chiweta, pa msewu wa Golomoti, kapena kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, O/D OFF imachititsa injini kubweza galimoto, ndipo mabuleki satentha mpaka kuleka kugwira. Pamakona otsetsereka kwambiri giya yachitatu sikwanira, pamafunika 2 kapena L. Pokwera mutadzaza katundu, mukamva giyabokosi ikungokwera ndi kutsika pakati pa yachitatu ndi yachinayi, dinani kabatanika kuti ikhazikike, pa chifukwa chomwe chija cha ochita mpikisano: kusintha kulikonse pansi pa katundu wolemera kumatenthetsa timbale. Msewu ukawongoka, dinaninso kanyali kazime. Koma mukaona kanyali ka O/D OFF kakuphethira kokha musanadine chilichonse, pa Toyota zakalezi chimenecho n'chizindikiro choti kompyuta yapeza vuto mu giyabokosi, ndipo galimotoyo ipite kwa makaniko isanayende ulendo wautali.